Kachule ndi Mpweya Umodzi

Chibadwire cha Nel, Menna anali ndi kachizolowezi kamene sanauzeko munthu. Mwana akagona masana, iye ankaima pafupi ndi kabedi n'kugwira mpweya kuti amve bwino ngati mwanayo akupuma. Ankangoti duu, khutu lili tcheru, mpaka pachifuwa patayamba kutentha. Akamva kamluzu kaja ka m'mphuno mwa mwana, naye ankapuma n'kutuluka monyang'ama. Motero Menna ankadziwa bwino kutalika kwa mpweya umodzi wa munthu wamantha. Si wautali ayi.

Kuseri kwa nyumba kunali khola lakale la nkhosa limene analisandutsa galaja, ndipo m'menemo mwamuna wake Emyr ndi apongozi ake, a Idwal, ankakonzamo kagalimoto. Kanali ka anthu awiri, kopanda denga, kakale moti pamene kankapangidwa a Idwal anali asanayambe ndi sukulu yomwe. Nyali zake zinali tuzu pamwamba pa boneti ngati maso a chule, ndipo pakhomopo aliyense ankangokatcha Kachule. Anakakatola pafamu ina kumtunda nkhuku zikuikiramo mazira, kunsi kwake kutadyeka ndi dzimbiri. Tsopano kanali kobiriwira, konyezimira, kali ndi mapaipi achitsulo ozungulira mpando kuti kakagubuduzika munthu asaphwanyike.

Cholinga chawo chinali chimodzi: pa mpikisano wa chaka chimenecho, nyanja ikaphwa pamchenga wa ku Pendine, Kachule kakathamange mamailosi handiredi pa ola. Kumeneko galimoto sithamangitsana ndi inzake. Imanyamuka yokha, kulunjika kutsogolo, makina n'kuyeza liwiro lake. Woyendetsa anali Emyr, poti maso a bambo ake anali atayamba kuchita nkhungu.

Menna anakulira kufupi ndi mchenga umenewo. Ankadziwa, monga aliyense wa kumeneko, kuti kalekale munthu wina anafera pomwepo akuthamangitsa galimoto. Koma mwamuna wake sanamuletse. Anamupeza akusewera kale ndi masipanala, ndipo anamukonda ali ndi girisi m'zikhadabo. Chake chinali kuyang'ana basi. Akapita ndi tiyi kugalaja ankatola tinati ndi tizidutswa ta waya pansi, poti Nel anali atayamba kukwawa ndipo chilichonse chinkathera m'kamwa. Ankaponyanso diso pakhoma kuona ngati chozimira moto chidakalipo, n'kusuzumira kunsi kwa galimoto ngati aikako zochirikiza, osati jeke yokha.

"Wafika woyendera uja," ankatero a Idwal akamuona. "Emyr, bisa zonse."

Injini ya Kachule inali yaing'ono, ndipo anali ataifinya mpaka mphamvu yomaliza. Mdani amene anatsala, malinga ndi a Idwal, inali mphepo. Iwo anagwira ntchito yowongola magalimoto a ngozi moyo wawo wonse, ndipo mphepo ankainena ngati munthu wa m'mudzi momwemo amene anayambana naye kalekale. "Imagwira paliponse pamene waisiyira," ankatero. Anachotsa magalasi a m'mbali, zogwirira, ngakhale kachizindikiro ka pa boneti. Zitseko anaziwotcherera. Kenako nyengo yonse yozizira anakhalira kusula chivindikiro cha aluminiyamu, kugogoda pang'onopang'ono pa chitsa ndi pa thumba la mchenga, mpaka lata lija linapindika mosalala ngati msana wa supuni. Chivindikirocho chinatseka pamwamba ponse n'kungosiya chibowo chimodzi, cholowera Emyr. Anachikhomerera ndi maliveti kuzungulira. Zotsekulira anazikana, ati zimakola mphepo.

Kukongola chinali chokongola, Menna sakanatsutsa. Anthu okonda magalimoto ankachoka kutali ku tauni ya Carmarthen kudzangochisisita.

Muyeso wa chibowocho anautenga chilimwe cha chaka chatha. Emyr anakhala pampando atavala sikipa yokha, bambo ake n'kudula katoni momuzungulira mapewa, mothina mmene akanathera. Menna nthawi imeneyo anali woyembekezera, ndipo anaseka nawo poona mutu wa mwamuna wake utatulukira pakatoni ngati mwanapiye pa dzira. Za zovala za pa mpikisano palibe amene anaziganizira. Anthu a magalimoto ndi otero. Amayamba ndi injini, matayala, utoto, munthu amabwera kumapeto.

Ovololo yosagwira moto inafika mpikisano utayandikira. Emyr anaivalira m'khitchini momwemo, pamodzi ndi chisoti ndi magolovesi, n'kumayenda uku ndi uku ngati munthu wopita kumwezi. Inali yochindikala ngati bulangete lopinda katatu. Nel anamuyang'ana ali pakampando kake, mlomo wam'munsi n'kuyamba kunjenjemera.

"Vula chisoticho, ukumuopseza mwana," anatero Menna.

Emyr anavula, tsitsi lili nyankhalala. "Tagwira apa umve. Moto utabuka, imeneyi imakupatsa mpata. Khungu silipsa msanga."

"Nanga utsi?"

"Utsi ndiye ayi. Amati ukaona moto tseka pakamwa, usapume, masula malamba, tuluka. Ukangokoka mpweya wotentha uja kamodzi kokha, zako zada." Ankanena akuseka, akutola kakeke ka pachiwaya m'mbale. Ataona nkhope ya mkazi wake anasiya kutafuna. "Koma sizichitikachitika, Menna. Ndangonena."

"Ndamva."

Anapukuta Nel kukamwa, ngakhale kunalibe chopukuta.

Madzulo a tsikulo, dzuwa likadalipo, anapita onse kugalaja kuti Emyr akayese kukhala m'galimoto atavala zonse. Menna anaimika kangolo ka Nel pakhomo, kutali ndi zitini za petulo.

Kulowa kokha inali ntchito. Emyr analowetsa miyendo, chiuno, kenako phewa limodzi, kenako linalo, ovololo ikukhula m'mphepete mwa lata. A Idwal anamukankha pachisoti ngati akutseka botolo.

"Wanenepa iwe," anatero. "Woyembekezera anali mkazi wako, koma mimba yatsalira iwe."

"Ndi ovololoyi, bambo."

"Ovololo imadya timakeke?"

Anamumanga malamba aja amene amakumana pamchombo, n'kubwezeretsa chiwongolero, chimene chimachita kuzulidwa kuti munthu adutse. Emyr anakhala m'menemo mutu wokha uli pamtunda, akumwetulira kuseri kwa galasi la chisoti. A Idwal anabwerera m'mbuyo, manja ali m'chiuno.

"Taona, mwana wanga," anauza Menna. "Mphepo ilowera pati pamenepa? Ngakhale ntchentche ichita kupempha."

"Atuluke tione."

"Wangolowa kumene."

"Atuluke, bambo. Ngati kuti kwabuka moto."

A Idwal anaseka, namenya boneti ndi chikhatho. "Chabwino. Moto uwo, mnyamata."

Menna anakoka mpweya n'kuugwira. Palibe amene anamuona.

Malamba anamasuka msanga. Chiwongolero chinavuta pang'ono chifukwa cha magolovesi, koma chinazuka. Emyr anasowa pochiika, poti chibowo chonse chinali chitadzaza ndi iye mwini, mpaka anachikankhira kumiyendo. Kenako anadzikankha kuti akwere. Mapewa anafika palata n'kuima. Anabwerera pansi, napendekeka, natulutsa mkono umodzi. Ovololo inakwinyika kukhwapa n'kukola. Pachifuwa pa Menna panayamba kutentha, mtima ukugunda m'makutu. Emyr ankaseka m'chisotimo, akudzipotokola, akutukwana chapansipansi. Menna anapirira mpaka m'maso munayamba kuthwanima tinyenyezi, kenako mpweya unatuluka wokha.

Emyr anali akadali m'galimoto kuyambira pachifuwa kupita m'munsi.

Menna anapuma, napumanso. Pomaliza mwamuna wake anasolokamo n'kukhala pansi pa simenti, akuseka.

"Watuluka, si uyo," anatero a Idwal.

"Wapsa," anatero Menna. Mawu ake anatuluka aang'ono. "Ndinagwira mpweya pamene munati moto. Wandithera iye akadali m'kati."

Emyr anavula chisoti n'kupukuta thukuta ndi golovesi.

"Kunali koyamba, Menna. Ndizolowera."

"Chibowocho n'chaching'ono."

"Chibowocho n'cholondola," anatero a Idwal, mawu atauma. "Ukachikulitsa, mphepo ilowa n'kumazungulira m'katimo ngati m'thumba, ndiye za handiredi tingoiwala. Oyeza magalimoto akaona okha tsiku la mpikisano. Iwo amangofuna munthu atuluke yekha, ndipo watuluka yekha."

Kubwezerana mawu ndi apongozi Menna sanakuzolowere, komanso munthuyo anawasiyira nyumba yake mayi a Emyr atamwalira, iye n'kusamukira m'kachipinda ka kuseri. Anatembenuza kangolo n'kubwerera kunyumba.

Masiku otsatirawo Emyr akaweruka kuntchito ankavala zonse n'kumayeserera. Timakeke anatisiya. Pamapewa pake panayamba kuoneka mikwingwirima yobiriwira. Anapeza njira yake: mkono wamanja uyambe, mutu upendekere kumanzere, kenako atulutse mpweya wonse kuti chifuwa chiphwe, ndi pamene phewa linalo linkadutsa. Anafotokozera mkazi wake monyadira. Menna anangomuyang'ana. Munthu amene akuuzidwa kuti asunge mpweya wake umodzi, njira yake yotulukira n'kukhala ya kuutaya. Menna ankaima pakhomo pa galaja nthawi iliyonse, Nel ali m'manja, n'kugwira mpweya. Emyr ankafulumirako ndithu, koma nthawi zonse Menna ndiye ankayamba kugonja.

Tsiku lina Menna akusambitsa mwana, Emyr anagwada pambali pake n'kumaseweretsa kabakha kapulasitiki m'madzimo.

"Ukufuna ndisiye?" anafunsa.

"Sindinatero."

"Ukanena, ndisiya."

"Ndiye moyo wonse uzidzandiyang'ana ngati munthu amene anakulanda Kachule? Ayi. Kathamange. Koma ndikufuna ukakhale ndi potulukira, bambo a Nel."

Ankamuitana choncho nkhani ikakhala yosaseketsa. Emyr anamiza kabakha, kanabwerera pamwamba.

"Bambo agogoda lata lija mpaka zala kutupa," anatero. "Chimwalirire amayi sindinawaonepo akudzuka m'mawa ali ndi chofuna kuchita, mpaka titabweretsa Kachule. Ndiye ndikawauze kuti dulani? Sindingathe, Menna."

Menna anathira madzi pamutu pa mwana, dzanja lina litatchinga maso. Zimene mwamuna wake ananena zinali zoona, ndipo n'zimene zinkamulemera.

Lamulungu atabwerako kutchalitchi anadyera pamodzi msuzi wa nyama ya nkhosa wophikira kumodzi ndi mbatata, buledi ndi tchizi pambali. A Idwal anali osangalala. Iwo ankaimba besi m'kwaya ya amuna, ndipo ankadziwika dera lonselo kuti Ameni womaliza amamukoka anzawo onse atatseka kale mabuku. Nkhani anaiyamba okha.

"Ndamva kuti woyendera wathu akuyezabe ndi mapapo ake."

"Eya, bambo," anatero Menna.

"Vuto lake ndi limenelo. Mpweya wako ngwa mpheta, mwana wanga. Iwe chitseko chikangomenyeka wadzidzimuka kale. Munthu sapuma choncho. Ine lero Ameni uja ndamukoka mpaka woimba limba anatembenuka kundiyang'ana."

"Anatembenuka kuti musiye," anatero Emyr.

"Iwe idya."

Menna anali akuphwanyira Nel mbatata ndi foloko. Anamva nkhope ikutentha, ndipo mawu anatuluka asanawakonze bwino.

"Ndiye mugwire ndinu."

"Ndigwire chiyani?"

"Mpweya. Wanga ndi waufupi, ndavomera. Mugwire ndinu, iye atuluke. Akatuluka inu musanapume, za chibowocho sindidzanenanso kanthu."

A Idwal anaika supuni pansi, nsidze zitakwera. Kenako anamwetulira ngati munthu amene wapatsidwa mphatso.

"Wamva, Emyr? Mboni ndiwe. Ndi Nel yemwe."

Podutsa pabwalo kupita kugalaja, Menna anadziona kupusa. Ameni wa apongozi ake anali atamumva yekha kambirimbiri, ndipo nthawi zina iye ankapuma katatu iwo asanamalize. Emyr naye anali atafulumirako. Akatuluka iwo asanapume, ndiye kuti Menna wadzitsekera yekha pakamwa, ndipo tsiku la mpikisano adzaima pamchenga paja chete, mwamuna wake atatsekeredwa m'chitini. Anamufinya Nel pachifuwa mpaka mwana anadandaula.

Emyr anavala, nalowa, namangidwa malamba. A Idwal anavula jekete la ku tchalitchi n'kulipachika pa msomali, namasula tayi, naima monga amaimira m'kwaya, miyendo motalikirana, chibwano m'mwamba. Anakoka mpweya kawiri moyeserera, kachitatu anadzaza chifuwa chonse n'kugwedeza mutu.

"Moto," anatero Menna.

Malamba, chiwongolero, zonse zinayenda bwino kuposa masiku onse. Mkono wamanja unatuluka. Mutu unapendekera kumanzere. A Idwal anaponyera Menna diso loseka, masaya ali tumbi. Emyr anadzikankha, nakwera pang'ono, n'kuima. Lamba wa paphewa, m'malo mogwera kumbuyo, anali atapanikizika pakati pa ovololo ndi mlomo wa lata, chitsulo chake chitakola kunsi. Emyr sanathe kuona chimene chamugwira. Anakoka mwamphamvu, lambayo n'kumangika kwambiri. Mkono umodzi unali m'mwamba ukupalasa, winawo uli m'kati wosatha kufika paphewa.

A Idwal anaponda kutsogolo, dzanja litatambasuka kale kuti akamasule. Menna anawagwira malaya pa mkono.

"Pamchenga simudzakhala naye pafupi, bambo," anatero motsitsa mawu.

Anaima. Diso loseka lija linazima. Menna sanayang'anenso mwamuna wake, anayang'ana apongozi ake. Anaona mitsempha ya m'khosi ikutukuka, nkhope ikufiira, kenako kuda. Munthu akamaimba Ameni mtima umakhala m'malo. Apa maso awo anali pa golovesi lija limene linkapalasa m'mwamba, ndipo chifuwa chawo chinayamba kudumpha chokha, kufuna mpweya. Anapirira ndithu, kuposa mmene Menna akanathera. Anagwira m'mphepete mwa thebulo la zipangizo. Kenako mpweya unaphulika m'kamwa mwawo, n'kuyamba kutsokomola atawerama.

Emyr anali atabwerera pampando kuti amasule lamba uja ndi dzanja lamanzere. Anayambanso njira yake ija, mkono, mutu, phewa, mpaka anatuluka. Anavula chisoti akupumira m'mwamba.

"Ndi lambayu, anakola. Sizinachitikepo zimenezi. Tiyesenso."

"Khala chete," anatero bambo ake.

Anaweramuka pang'onopang'ono. Anapita pa Kachule n'kuyendetsa chikhatho pa chivindikiro chija, kuchokera kutsogolo mpaka pamlomo pa chibowo, pamene lamba anasiya kachipsera. Anakhala nthawi akusisita kachipserako ndi chala chachikulu. Nel anagwetsa nsapato, Menna n'kuitola. Panja nkhosa za mnansi zinkalira.

"Lowanso," anauza Emyr. "Ndi chisoti chomwe."

Emyr atalowa, a Idwal anatenga cholembera chakuda pathebulo, nalandira Nel m'manja mwa amake, n'kupatsa Menna cholemberacho.

"Jambula."

"Ine sindidziwa za malata, bambo."

"Za malata ndi zanga. Iwe jambula pamene mtima wako ukuti adutsa."

Menna anawerama pa galimoto. Fungo la girisi ndi la ovololo yatsopano linamulowa m'mphuno. Anauza Emyr kuti atukule mapewa onse awiri nthawi imodzi, ngati mmene amachitira Nel akamavulidwa juzi, n'kuona pamene akugunda. Anayamba kulemba kuchokera kuseri kwa phewa lamanzere, kuzungulira. Mzere unatuluka wokhotakhota pa lata lokongola lija. Atamaliza anaima n'kubweza cholembera osayang'ana munthu.

A Idwal anauyang'ana mzerewo mutu utapendekeka.

"Apa pangadutse ng'ombe ndi mwana wake yemwe," anatero.

Anabweza Nel kwa amake, natenga cholembera n'kuyamba kuwongola mzere uja ndi dzanja lawo lozolowera. Menna anaona kuti paliponse pamene wake unakhota, iwo ankawongolera kunja, osati m'kati.

"Pitani mukatereke ketulo," anatero osatembenuka. "Nonse."

Ali m'khitchini anamva sizasi ya malata ikuluma, kuima, kulumanso. Emyr anakhala patebulo ovololo ili m'chiuno, akuzunguza kapu yopanda kanthu. Menna anamuikira kakeke ka pachiwaya patsogolo.

"Idya," anatero. "Malo alipo tsopano."

Masiku otsalawo a Idwal anapinda mlomo wa chibowo chatsopano mozungulira waya, kuti usacheke ovololo kapena kukola lamba. Ntchitoyo anaigwira mosamala ngati yoyamba ija, osaimba, osanena nthabwala. Chidutswa chimene anadula, chopindika ngati mwezi watsopano, anachipachika pa msomali pamwamba pa thebulo. Menna akabwera ndi tiyi sankamutchanso woyendera. Ankangoti zikomo. Zimenezi zinkamuwawa kuposa kunyozedwa kuja.

Tsiku la mpikisano kunacha kowala, kamphepo kozizira kakuchokera kunyanja. Madzi anali atabwerera kutali, mchenga uli tetete, wonyowa, wolimba. Magalimoto akale anandanda m'mbali, iliyonse itaima pa matabwa, poti galimoto ikaima pamchenga wonyowa imayamba kumira. Oyeza anauza Emyr kuti atuluke aone. Anatuluka, iwo n'kumata kapepala kawo pa boneti, n'kupita pa galimoto ina.

Menna anaveka Nel zotseka m'makutu, zazikulu kuposa mutu wake, naonetsetsa kuti zagwira bwino. Anaona pamene paima ambulansi, ndi pamene paima galimoto ya ozimitsa moto, n'kuyerekeza kutalika kwake ndi kumapeto kwa mzere wa mbendera. Kunali kutali. Anasiya kuyang'anako.

Nthawi ya Kachule itakwana, a Idwal anamanga okha malamba a mwana wawo, nagogoda kawiri pachisoti, n'kubwera kudzaima pafupi ndi Menna kuseri kwa chingwe. Mayi wina amene anagwira mbendera yoyambitsira anaitsitsa. Kachule kananyamuka kakulira ngati nsalu yong'ambika, kakumwaza mchenga kumbuyo, kanasintha giya, kanasinthanso, kakucheperachepera mpaka kanangotsala kadontho kobiriwira pakati pa mchenga ndi thambo. Menna anakanikiza mphuno yake patsitsi la Nel. Ankapuma dala, kulowetsa ndi kutulutsa, akumva fungo la sopo wa mwana. Kadontho kaja sikanapatuke, sikanafuke utsi. Kanangochepa mpaka kuzimirira.

Chimkuzamawu chinakhosomola n'kulengeza dzina la Emyr ndi liwiro lake. Mamailosi 97.

Anthu anaomba m'manja mwaulemu. A Idwal anayang'ana kumene kunapita galimoto, manja ali m'matumba.

"Atatu otsalawo ali pa msomali kugalaja," anatero.

"Pepani, bambo."

"Pepani wa chiyani? Mphepo inali yochokera kutsogolo, sunaimve? Ndi imeneyo. Ine ndi iyo tinayambana iwe usanabadwe." Anatulutsa dzanja m'thumba n'kukonza chotseka m'khutu cha Nel chimene chinali chitasendera. "Woyendera iwe, mwana khutu lili pamtunda sukuona?"

Menna anaseka, misozi ili m'maso chifukwa cha mphepo ija, kapena chifukwa china.

Patapita nthawi magalimoto amene anathamanga anabwerera pamodzi, pang'onopang'ono, m'mbali mwa madzi. Kachule kanali pakati, kali mbuu ndi mchenga mpaka m'maso. Emyr anakakweza pa matabwa ake n'kuzimitsa injini. Anakweza chala chachikulu ali m'katimo, kenako anaweramira pa malamba.

Menna anati anene kanthu kwa apongozi ake, koma atatembenuka anapeza milomo yawo ili yotseka, chifuwa chili m'mwamba, chibwano chitatukuka ngati ali m'kwaya. Maso awo anali pa chibowo chija.

Malamba anagwera kumbuyo. Chiwongolero chinatuluka n'kuikidwa pa boneti. Emyr anagwira m'mbali ndi manja onse awiri, naimirira ngati munthu wotuluka m'bafa, n'kuponda pamchenga. Anavula chisoti akubwera kwa iwo, akuseka, akufunsa kutali komweko ngati amva nambala yake.

Pamenepo a Idwal anatsegula milomo. Mpweya anali nawo wambiri wotsala, ndipo anayamba kuutulutsa pang'onopang'ono, ndi mawu aja a pansi a besi. Nel anatembenuka, naika kadzanja kake pakhosi pa agogo ake pamene pankanjenjemera. Emyr anafika, napsompsona mkazi wake, nalandira mwana, iwo akadakokabe mawuwo.